Milomo Iwiri ndi Mpweya Wobwereka

Okutobala akafika kuchigwa cha Luangwa, m'dziko la Mfumu Yaikulu Luembe, dzuwa limaswa mtengo. Mupani wayoyola masamba, mtsinje waphwa mpaka mchenga kuyera pakati, ndipo mlendo angayese kuti zamoyo zonse zatha mawu ndi kutentha. Ayi ndithu! Mbandakucha anang'omba ndiwo amatsegula tsiku ndi mawu awo akuya, ochokera pansi pa khosi. Dzuwa likasuzumira, nkhwazi imaponya mutu kumbuyo n'kutulutsa mfuu yake, mbalame yomwe ija ili pa mbendera yathu ya Zambia. Njovu ikadzidzimuka pamadzi imaliza chitamba, mbawala n'kumwazika. Ndiye masana, mbalame zikabisala pamthunzi, nyenje zimalandira nyimbo: nyeee, osapuma, mawu ang'onoang'ono akuthwa, olasa m'khutu. Taonani, ana anga, Namalenga sanalenge dziko laduu. Ena anawaika pansi, ena pakati, ena pamwamba penipeni, ndipo aliyense anamusungira choimbira m'thupi mwake momwe.

Munthu naye sanamanidwe. Adzukulu anga amandimvetsera pa foni nyimbo za magulu akale a ku America, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chimandiimitsa ngakhale ndili ndi mthiko m'manja: lipenga likakwera, n'kukwera, n'kukweranso, mpaka kukafika pamene ndimati apa ndiye pathera, koma ilo n'kudutsa pomwepo. Tsitsi limaima, mtima umagunda, ndipo pakamwa pamangotuluka mawu amodzi: Mlengi ndi wamkulu!

Magulu amenewa anabuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene oimba ena anasakaniza jazi ndi rock. Anatenga magitala amagetsi ndi ng'oma zamphamvu za achinyamata, n'kuimika pambali pake mzere wa oliza malipenga. Gulu la Blood, Sweat & Tears linayamba ku New York mu 1967, ndipo amene anamvapo nyimbo yawo ya Spinning Wheel amakumbukira pamene lipenga la Lew Soloff limalumphira m'mwamba pakati pa nyimbo. Chaka chomwecho kunabadwa gulu la Chicago, Lee Loughnane ali pa lipenga, James Pankow pa trombone, Walter Parazaider pa saxophone. Ku Oakland kunatuluka Tower of Power mu 1968. Kwathu kuno, anyamata a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family m'zaka za m'ma 1970 mtima wawo unali pa gitala, n'chifukwa chake ambiri a ife malipenga tinkawamvera kwa asilikali, kwa apolisi ndi kumabandi a mipingo.

Koma amuna awiri ndiwo amandisowetsa chonena. Woyamba ndi Maynard Ferguson, wobadwira ku Montreal m'dziko la Canada mu 1928, amene anatchuka ali mnyamata m'gulu la Stan Kenton kuyambira 1950, ndipo mu 1977 lipenga lake linamveka m'nyumba za anthu wamba ndi nyimbo ya Gonna Fly Now. Wachiwiri ndi Bill Chase, yemwe anatsogolera malipenga m'gulu la Woody Herman, kenako n'kuyambitsa gulu lake lotchedwa Chase, limene chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1971. Iye sanafune saxophone, sanafune trombone. Anaimika malipenga anayi okhaokha! Anayi, ana anga, onse okwera, wina akayamba mnzake n'kumutsatira, wachitatu n'kugwera pamwamba pawo, wachinayi n'kutseka, mawu akutsetsereka motsatizana kuchoka kumwamba kubwera pansi. Nyimbo yawo ya Get It On ndi umboni.

Tsono funso limene landikhalitsa pansi ndi ili: mawu amenewa amachokera kuti?

Ambiri amayesa kuti amachokera m'chitsulo. Si choncho. M'lipenga mulibe chingwe, mulibe bango, mulibe chikopa. Mutauziramo mpweya chabe mungomva fuuu, basi. Cholira ndi milomo ya munthu. Mwana wa kumudzi amadziwa zimenezi asanalowe m'kalasi. Muoneni akathyola phesi la tsamba la papaya, n'kudula uku ndi uku kuti likhale chibowo chokhachokha. Amaliika pakamwa, n'kuuzira, osalira. Amayesanso, osalira. Kenako amapana milomo, n'kusiya kampata kosaoneka ndi maso, n'kukankha mpweya mpaka milomo kunjenjemera, prrr, ndipo mwadzidzidzi phesi lija labangula, nkhuku n'kubalalika pabwalo, mwana n'kuseka mpaka kugwa pansi. Chimene wapeza mwanayo ndi chomwecho chimene ankachita makolo athu poliza nyanga ya ngoma kapena ya mphalapala kuitana anthu ku uzimba, ndi chomwecho chimene anachita ansembe ozungulira Yeriko ndi nyanga za nkhosa, ndi chomwecho chimene ankachita Ferguson pamaso pa anthu zikwizikwi. Malipenga a zikho a ovina mganda ku Lundazi ndi a ovina gule wa malipenga ku Nkhata Bay ali ndi nzeru ina: m'menemo munthu amaimbiramo ndi mawu ake, ndipo chonjenjemera ndi kanembanemba koyera kamene kangaude amasungiramo mazira. Nako n'kodabwitsa pakokha! Koma lipenga lenileni, la nyanga kapena la chitsulo, limadalira kamnofu ka pamlomo.

Imvani tsopano chiwerengero chake, mugwire pakamwa. Mawu akamakwera, ndiye kuti chonjenjemeracho chikufulumira. Pa mawu amene oliza malipenga amawatcha high C, pamene ophunzira ambiri amafika movutikira, milomo imatseguka ndi kutsekeka pafupifupi ka 930 pa sekondi imodzi. Pa double C, kumene Ferguson ndi Chase ankayendako ngati kwawo, ndi kopitirira ka 1,800 pa sekondi imodzi. Njuchi, imene timaiona ngati yachangu, imakupiza mapiko ake pafupifupi ka 230 pa sekondi. Milomo ya munthu, yomweyi timadyera nsima, yomweyi timapsompsonera khanda, yomweyi timapempherera, kuposa mapiko a njuchi kasanu ndi katatu!

Ndipo chozizwitsa chachikulu si changucho. Chozizwitsa n'chakuti munthuyo sindiye amaigwedeza milomoyo. Palibe mnofu m'thupi lathu umene ungalamulidwe kugwedezeka ka 1,000 pa sekondi. Woliza lipenga amangoumba milomo, kuilimbitsa m'mphepete, kusiya pakati pofewa, n'kutumiza mpweya. Mpweya umakankha milomo n'kuitsegula. Ukadutsa, milomo imabwerera yokha n'kutseka. Mpweya umaunjikananso kumbuyo n'kutsegulanso. Zimangochitika zokha, mwa lamulo limene linaikidwa m'mnofu ndi mumpweya munthu asanaganize zosula lipenga. Munthu amakonza malo, koma kunjenjemerako ndi mphatso. Ndani anayeza kufewa kwa mlomo kuti usaume kwambiri n'kukana kugwedezeka, usafewenso kwambiri n'kulephera kubwerera? Ndani anazunguliza pakamwa ndi mnofu wonga mphete, n'kulumikizako timinofu tina tochokera kumasaya, kuchibwano ndi pansi pa mphuno, kuti munthu athe kumanga kampata kochepa chotero n'kukasunga osasuntha? Wanzeru ndiye anachita, Wanzeru yekha!

Nanga mpweyawo? Buku la Genesis limatiuza kuti mpweya wa m'mphuno mwathu unachokera kwa Mulungu. Ndi wobwereka, ana anga, timaulandira n'kuubweza, kuulandira n'kuubweza, usana ndi usiku, tili maso ndi tili m'tulo. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wopingasa, umene ukatsika mapapo amadzaza. M'mapapomo muli timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana. Woliza lipenga akadzaza, minofu ya pamimba ndi ya pakati pa nthiti imagwira ntchito yofinya, osati mwaphuma koma mwa muyezo, kuti mpweya utuluke wolimba ndi wosadukiza. Lilime nalo lili ndi gawo lake. Tayesani kuimba mluzu, muyambire pansi n'kumakwera: mumva lilime likunyamuka lokha kulowera kumwamba kwa m'kamwa, njira ya mpweya n'kuchepa. Madzi a mtsinje akafika pothina pakati pa miyala amathamanga. Mpweya nawo ukapanikizidwa umathamanga. Mimba, nthiti, khosi, lilime, mano, milomo, zonse kumvana pa kamphindi kamodzi, popanda china kutsogola kapena kutsalira. Ferguson anakhalako ku India chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo moyo wake wonse ankaphunzitsa achinyamata kuti mawu okwera amachokera m'kapumidwe ka thupi lonse, osati m'kukanikiza chitsulo pamlomo.

Chitsulocho sindikuchinyoza ayi, nachonso chili ndi ulemerero wake. Lipenga mutaliwongola lingatalike pafupifupi mita imodzi ndi theka. Limapangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, kawirikawiri magawo 70 a mkuwa ndi 30 a zinki. Ife a Zambia tiyenera kumwetulira pamenepa, pakuti mkuwa ndiwo uli pansi pa Kitwe, Chingola ndi Mufulira, ndipo zinki anakumbidwa ku Kabwe zaka zambirimbiri. Mwala wogona mumdima pansi pa nthaka, wosalankhula, wosapuma, Mlengi anaubisira khalidwe lakuti ukasungunulidwa ulole kupindidwa osathyoka, kusulidwa mpaka kupyapyala, kupukutidwa mpaka kuwala. Mose analamulidwa kusula malipenga awiri asiliva oitanira khamu, monga timawerengera pa Numeri 10. M'manda a mfumu Tutankhamun ya ku Egypt, amene anapezeka mu 1922, munali malipenga awiri, ndipo mu 1939 analizidwa pa wailesi ya BBC atagona chete zaka zoposa 3,000. Mabatani atatu amene timaona lerowa ndi a dzulodzuloli: anthu a ku Germany, Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel, analembetsa luso limeneli mu 1818. Ntchito ya batani ndi kutsegulira mpweya kanjira kena kokhota kuti lipenga litalikeko pang'ono, mawu n'kutsika. Mvetsetsani: mabatani amatsitsa, sakweza. Kukwera n'kwa milomo.

Apa pali chinsinsi chimene chimandikoma koposa zonse. Milomo ikaponya kugunda kumodzi m'lipenga, kugundako kumathamanga pa liwiro la mawu, mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kukafika kukamwa kotambasuka kuja. Kumeneko sikutuluka konse. Gawo lalikulu limabwerera, n'kudzapeza milomo pa nthawi yake yeniyeni, n'kuithandiza kutseguka ndi kutsekeka mwa dongosolo. Ulendo wonse, kupita ndi kubwera, sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Choncho lipenga ndi milomo zimagwirana dzanja: milomo ikutuma, lipenga likuyankha. N'chifukwa chake lipenga lili ndi masitepe ake, malo amene mawu amakhazikika bwino, ndipo woliza amangoponda sitepe ndi sitepe ngakhale osagwira batani lililonse, monga amachitira msilikali woliza lipenga lopanda mabatani pa mwambo wokumbukira ankhondo.

Koma kumwamba kwenikweni zinthu zimasintha. Mawu akakwera kwambiri, kukamwa kwa lipenga kumaleka kuwabweza, kumangowalola adutse. Masitepe amayandikana, amafooka, kenako n'kuzimiririka. Chitsulo chija chimene chimathandiza munthu ulendo wonse chimamusiya dzanja. Kumeneko, kumene Cat Anderson wa gulu la Duke Ellington ankakwera, kumene Arturo Sandoval wa ku Cuba amafika, kumatsala munthu ndi milomo yake ndi mpweya wake ndi khutu lake. Choncho mukamva lipenga likulira pamwamba penipeni, dziwani kuti chimene mukumvacho si luso la fakitale. Mukumva ntchito ya manja a Chauta, kamnofu kochepa kuposa nsonga ya chala, kakuimba pafupifupi pakokha. Ha, kukula kwake kwa nzeru zimenezi!

Ndipo Iye amene anaumba mlomo ndiye anaumbanso khutu, pakuti mphatso yopanda wolandira ndi yotayika. Ngalande ya khutu ndi yotalika masentimita awiri ndi theka okha, koma muyezo umenewu umachititsa kuti khutu limve bwino koposa mawu onjenjemera pafupifupi ka 3,000 pa sekondi. M'dera lomwelo ndimo muli ukali wa kulira kwa khanda, n'chifukwa chake mayi amadzuka ngakhale tulo tamugwira motani, ndipo m'dera lomwelo ndimo muli kuwala kwa lipenga, n'chifukwa chake lipenga limodzi limaboola phokoso la magitala ndi ng'oma n'kukufikani mumtima. Kumapeto kwa ngalandeyo kuli kanembanemba, kuseri kwake timafupa titatu tolumikizana, kotsiriza n'kochepa kuposa mafupa onse a m'thupi, mamilimita atatu okha. Timafupato timapereka kugwedezeka ku kachiwalo kopindika ngati nkhono, kodzaza madzi, momwe muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000, tondandalikidwa mwa dongosolo: ta mawu okwera pakhomo, ta mawu akuya mkati. Aliyense pamalo pake, aliyense ndi mawu ake! Timaseloti tikafa sitimeranso, ndipo toyamba kutopa ndi ta mawu okwera. Ife okalamba tikudziwa, nyenje sizitilasanso m'khutu monga kale. Inu amene mumatseka makutu ndi timawaya n'kukweza nyimbo mpaka wapafupi kumva, chonde, ana anga, sungani chuma chimenechi.

Tinapatsidwa gawo lathu, kuyambira kugwedezeka ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi tikadali ana. Njovu ija imaliza chitamba ili ndi mawu enanso, akuya kwambiri moti khutu lathu siliwamva, oyenda makilomita angapo m'tchire. Mayi wina wofufuza za nyama, Katy Payne, ndiye anazindikira zimenezi mu 1984. Ndiye kuti chigwa chathuchi chakhala chikuyankhulana pansi pa makutu athu kuyambira kalekale, ife osadziwa. Zimene timamva n'zambiri, zimene sitimva n'zochuluka, ndipo zonse zili ndi Mwini wake amene amazimva.

Ndinene maganizo anga poyera: mawu okwera paokha sakoma. Munthu wongolira pamwamba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pofuna kuti anthu amuombere m'manja, amatopetsa khutu. Mutu umodzi susenza denga. Chimene chimakometsa lipenga la Chase ndi atatu aja ali pansi pake, ndi besi, ndi limba, ndi ng'oma. Ndipo apanso pali lamulo limene palibe mfumu kapena boma linakhazikitsa. Kugwedezeka kukawirikiza kawiri, khutu limamva mawu omwewo koma okwera. N'chifukwa chake m'tchalitchi abambo ndi amayi amaimba nyimbo imodzi, awa pansi awa pamwamba, popanda kusemphana. Kukakhala katatu pa kawiri, mawu awiriwo amakumbatirana. M'mawu aliwonse akuya mumabisala kale timawu tina tokwera, tondondozana mwa chiwerengero chomwechi, kotero woliza lipenga lotsogolera akafika pamalo pake samabweretsa chachilendo, amangoulula chimene chinali kale m'mawu a anzake. Akaphonya pang'ono, khutu la mwana yemwe limadziwa. Akalasa pakati penipeni, gulu lonse limawala. Masamu amenewa ali m'phesi la papaya, ali m'nyanga ya ngoma, ali m'kwaya ya amayi a chigwirizano, ali m'mabwalo a New York. Dziko lonse, lamulo limodzi, Mlengi mmodzi!

Komatu mphatso iyi ndi ya mnofu, ndipo mnofu uli ndi malire. Akuluakulu anati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Freddie Hubbard, mmodzi mwa akatswiri a jazi, anang'ambika mlomo mu 1992, bala n'kutukusira, ndipo mphamvu zake zakale sizinabwererenso zonse. Bill Chase anamwalira pa ngozi ya ndege pa 9 Ogasiti 1974 kufupi ndi Jackson, ku Minnesota, ali ndi zaka 39, pamodzi ndi anzake atatu a m'gulu lake. Zimbale zitatu zokha ndizo gululo linatisiyira. Mtima umandiwawa ndikamaganiza zimenezi. Ferguson yekha anapatsidwa masiku ambiri: anali akulizabe lipenga milungu yochepa asanamwalire mu Ogasiti 2006, ali ndi zaka 78. Wina masiku ochepa, wina ochuluka, Wopereka mpweya ndiye amadziwa muyezo wake.

Musaganize kuti zonsezi n'za kutsidya kwa nyanja kokha. Hugh Masekela anabadwira ku Witbank, ku South Africa, mu 1939. Ali ndi zaka 14, wansembe wa Anglican, Bambo Trevor Huddleston, anamuikira lipenga m'manja, ndipo patapita nthawi wansembe yemweyo anapezera anyamata ake lipenga lina kuchokera kwa Louis Armstrong mwiniwake. Masekela sanali wothamangira kumwamba ngati Ferguson. Mawu ake anali ofunda, onenepa, olankhula ngati munthu wa kwathu, ndipo akakwera ankakwera chifukwa nkhani yafika pokwera. Ineyo ndimawakonda onse awiri, pakuti amene analenga nkhwazi ndiye analenganso njiwa. Mu 1967 Masekela anaimba pa chikondwerero cha Monterey pakati pa magulu a rock, ndipo mu 1968, pamene magulu a malipenga aja ankangoyamba kumene, nyimbo yake ya Grazing in the Grass inafika pa nambala 1 ku America. Ndipo tamverani izi: kanyimbo kamene kanabala nyimboyo, koyamba ndi kulira kwa belu la ng'ombe, Masekela anakamvera ku Zambia kuno! Belu la ng'ombe, chinthu cha abusa, linatsagana ndi lipenga la mwana wa mu Africa mpaka pamwamba pa nyimbo zonse za dziko lalikulu lija. Masekela analiza lipenga zaka zoposa 60, mpaka anamwalira ku Johannesburg pa 23 Januwale 2018.

Milomo imene Masekela anabadwa nayo siisiyana ndi ya mtsikana wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East pa Nyimba, kapena ya mnyamata woweta mbuzi ku Petauke. Mnofu womwewo, mapapo omwewo, khutu lomwelo, Mmisiri yemweyo. Chimene Masekela anapeza ndi munthu wamkulu womuikira chida m'manja. Inu akulu a mpingo, inu aphunzitsi aakulu, ngati m'kabati ya kutchalitchi kapena ya kusukulu muli lipenga limene lada chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, litulutseni. Litsukeni ndi madzi ofunda, muthire mafuta m'mabatani, mupatse mwana amene mwamuona akuliza phesi la papaya. Milungu yoyamba adzakusokoserani ndithu, agalu adzauwa, anansi adzadandaula. Muuzeni aziyamba ndi mawu apansi, aatali, tsiku lililonse, azipumitsa milomo ikatopa, ndipo asathamangire kumwamba mpaka mpweya wake utakhwima.